Ulemu Umene Unagwera pa Khomo la Mnansi

M'chigawo cha Warwickshire, pakati pa dziko la England, pa mtunda wa mamailosi atatu kuchokera ku tauni ya Stratford-upon-Avon, pali mudzi wotchedwa Wilmcote, ndipo m'mudzimo muli nyumba ziwiri zakale za alimi, zoyandikana kotero kuti woima pa khomo la ina akhoza kuitana wa pa khomo linalo namveka. Zonse ziwiri zili m'kaundula wa boma wa nyumba zotetezedwa, m'gulu lapamwamba lotchedwa Grade I, limene mwa nyumba 100 zilizonse za m'kaundulamo mumalowa ziwiri kapena zitatu zokha. Komatu kufanana kwake kwathera pomwepo, pakuti ina ndi yaitali ndi yokoma m'maso, ya mizati yoonekera kunja monga anaiimikira amisiri akale, pamene inayo ndi yochepa, yovekedwa njerwa zofiira, yoti mlendo akhoza kuidutsa osacheuka. Kwa zaka pafupifupi 200 anthu ankakhulupirira kuti yokongolayo ndiyo nyumba imene anakuliramo Mary Arden, mayi ake a William Shakespeare, yemwe masewero ake ana athu amalimbana nawo ku sekondale kufikira lero. Ndipo makamu a alendo ochokera ku maiko akutali analowamo mwaulemu, nayang'ana pa moto, nati mumtima mwawo: apa ndi pamene ankaotha mtsikana uja. M'chaka cha 2000 kunadziwika kuti Mary sanakhalemo m'nyumbayo ngakhale tsiku limodzi la ubwana wake, ndi kuti kwawo kwenikweni kunali ku nyumba ya njerwa ija. Funso limene landigwira mtima ndi ili: kodi ulemu wonse umene unaperekedwa pa khomo lolakwika unatayika pachabe, kapena ulemu uli ndi njira yake yofikira mwini wake ngakhale woupereka atasokera?

Ndiyambe ndi nyumba yokongolayo, pakuti siyenera kunyozedwa chifukwa cha bodza limene siinaname ndi iyo. Amisiri amene anaimanga anayamba ndi maziko a miyala yotuwa yokumbidwa m'dera lomwelo, popeza Wilmcote ndi dziko la miyala ya laimu, ndipo iwo ankadziwa kuti mtengo wogona pa dothi lonyowa, m'dziko limene mvula ilibe nyengo yake, sukhalitsa. Pamwamba pa miyalayo anagoneka mitanda, ndipo pa mitandayo anaimika mizati ndi nsichi za mtengo wa thundu. Mwambo wa amisiri a masiku amenewo unali wosema thundu likadali laliwisi, chifukwa likauma limalimba mpaka kubunthitsa nkhwangwa ndi sompho, ndipo ichi ndicho chifukwa chake nyumba zotere zimaoneka zopendekera pang'ono, mitanda yake yopindika ndi pansi pake posalingana: matabwa anauma ali kale m'malo mwake, lililonse nkukhota monga mwa chibadwa chake, nagwirana mwamphamvu koposa mmene mmisiri anawasiyira. Polumikiza sankadalira misomali yachitsulo; ankaboola mtanda, nasema mutu wa nsichi kuti ulowe m'bowomo mothina, kenaka n'kukhomera chikhomo cha mtengo chopyoza zonse ziwiri. Chigoba chonse cha nyumba ankayamba achiyala pansi pa bwalo la mmisiri, nalemba chizindikiro pa mfundo iliyonse, nachiphwasula, nachinyamula kukachiimika pa malo ake. Ndipo pa tsiku loimikalo, popeza mutu umodzi susenza denga, manja ambiri ankafunika.

Woyang'anitsitsa zipupa za nyumbayi aona kuti nsichi zake zinaimikidwa moyandikana kwambiri, mpata wa pakati pake wosaposa kwenikweni kukula kwa nsichi yomwe. Kulimba kwa nyumba sikunafune matabwa ochuluka chotere. Koma thundu linali la mtengo wapatali, ndipo mlimi womanga motero ankauza aliyense wodutsa pa msewu, popanda kutsegula pakamwa, kuti m'nyumba muno mulibe njala. M'mipatamo ankaluka timitengo tanthete, namata ndi dothi losakaniza ndi udzu ndi ndowe, napaka njereza pamwamba; ndipo wowerenga amene anakulira m'nyumba ya nsichi ndi mbaliro, naona amayi ake akuponya dothi pa chipupa ndi kulisalaza ndi chikhato, adziwe kuti ntchito yake ndi yomweyo, ndi kuti Mngerezi wa masiku a Mfumukazi Elizabeth woyamba ankagona kuseri kwa chipupa chomata monga ankagonera agogo athu. Denga ndi la matailosi a dongo ootcha. Kuseri kuli bwalo lozingidwa ndi makola ndi nkhokwe, ndipo pambali paima nyumba ya nkhunda yomangidwa ndi miyala, ya mazenje mazanamazana m'kati mwake, yopatsa mwini wake maunda a ndiwo ndi zitosi za kumunda.

Nanga zinatani kuti nyumba imeneyi itchedwe ya Mary Arden? Robert Arden, bambo ake a Mary, anali mlimi wopeza bwino, wa minda ku Wilmcote ndi ku Snitterfield, kumene mmodzi mwa obwereka minda yake anali Richard Shakespeare, agogo ake a William. Ana ake aakazi anali asanu ndi atatu, ndipo Mary ndiye anali mzime. M'mwezi wa Novembala 1556, poona kuti imfa yayandikira, Robert analemba wilo yake monga mwa chikhulupiriro cha Chikatolika cha masiku a Mfumukazi Mary, napereka mzimu wake kwa Mulungu, kwa Maria Woyera ndi kwa oyera onse, napempha kuti thupi lake liikidwe pa tchalitchi cha Yohane Mbatizi ku Aston Cantlow, kumene kunali parishi yawo. Ndipo mzime ujayo anamsiyira malo otchedwa Asbies ndi ndalama zokwana mapaundi 6, masheleni 13 ndi makobiri 4, namuika kukhala mmodzi wa awiri oyendetsa wiloyo, chimene chionetsa kuti ankamkhulupirira ngakhale anali wamng'ono. Owerengera katundu wa malemuyo analemba ng'ombe zolimira, nkhosa, nkhumba, njuchi, ndi nsalu zojambulidwa zopachika pa zipupa zokwana 11. Cha m'ma 1557 Mary anakwatiwa ndi John Shakespeare, wosoka magolovesi wa ku Stratford, ndipo William anabadwa mu 1564. Zonsezi ndi zolembedwa, ndipo zolembedwazo zilipo. Chimene sichinalembedwe poyera ndi khomo lenileni.

Mpata umenewo anautseka ndi munthu wina dzina lake John Jordan, mmisiri wa mawilo a ngolo, wodziphunzitsa yekha ndakatulo ndi mbiri yakale, amene m'zaka za m'ma 1790 ankaperekeza alendo ofuna kuona malo a Shakespeare ndi kuwasimbira zimene anatola m'kamwa mwa anthu. Iyeyu analoza nyumba yokongola ija. Olemba mabuku anamkhulupirira, ojambula zithunzi anaijambula, wina natengera kwa mnzake kufikira mawu a munthu mmodzi anasanduka chidziwitso cha dziko lonse. Ndipo mu 1930 bungwe la Shakespeare Birthplace Trust, losamalira nyumba zokhudza banja la Shakespeare, linaigula, niliikonza, nilitsegula zitseko zake kwa alendo.

Nyumba ya njerwa ija, imene inkatchedwa Glebe Farm, bungwe lomwelo linaigula mu 1968, osati chifukwa choiganizira kanthu, koma pofuna kuti omanga nyumba zatsopano asaigwetse ndi kuwononga maonekedwe a mnansi wake wolemekezekayo. Inakhala m'manja mwawo zaka 32, yosungidwa bwino koma yosadziwika. Amene anaulula chinsinsi chake ndi a Nat Alcock, amene anali mphunzitsi wa sayansi ya mankhwala pa yunivesite ya Warwick, komanso katswiri wa nyumba zakale za anthu wamba. Iwo, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, anatsata makalata akale a malo, kuchoka kwa mwini kubwerera kwa mwini wa m'mbuyo mwake, mpaka anapeza kuti nyumba yokongolayo inali ya mlimi wina, Adam Palmer, ndi kuti ya Robert Arden inali ya njerwayo. Matabwa nawonso anachitira umboni. Mtengo umaonjezera mzere umodzi m'thunthu mwake chaka ndi chaka, wonenepa m'chaka chabwino, wowonda m'chaka choipa, ndipo popeza mitengo ya dera limodzi imavutika ndi kukondwa pamodzi, mizere ya mtanda wa m'nyumba ikhoza kuyerekezedwa ndi mndandanda wodziwika wa zaka. Mzere wa pansi pa khungwa ukapezeka, chaka chodula mtengo chadziwika, ndipo popeza ankasema thundu likadali laliwisi, chaka chomangira nyumba sichili kutali. Matabwa obisika kuseri kwa njerwa zija analoza cha m'ma 1514, Mary asanabadwe. Matabwa a nyumba yokongolayo anaonetsa kuti mitengo yake inali idakamera m'nkhalango pamene Mary ankanyamuka kupita ku ukwati.

Pali yankho lofewa limene ambiri angafulumire kupereka, lakuti palibe kanthu: nyumba ndi nyumba, zonse ndi za mudzi umodzi ndi za nyengo yoyandikana, ndipo mlendo amene anatuluka mtima wake utadzala wapindula chimodzimodzi. Yankho limeneli ndilikana, ndipo ndilikana monga Mkhristu, pakuti chikhulupiriro chimene tinalandira ndi cha malo ndi cha masiku. Chimatchula mudzi wa Betelehemu, chimatchula mafumu amene ankalamulira, ndipo m'chivomerezo chimene timanena Lamulungu lililonse muli dzina la kazembe wa Chiroma, loikidwamo kuti pasakhale wina wonena kuti nkhaniyi ndi nthano yokoma yochitikira kulikonse ndi kosadziwika. Munthu amene wazolowera kunena kuti zoona ndi zonama zili chimodzimodzi malinga mtima wakhudzidwa, waphunzira chizolowezi chimene sichidzathera pa nyumba za alimi. Mawa adzachitengera ku bwalo la milandu, ndi ku guwa, ndi ku mbiri ya makolo ake. Mtsikana uja anakula pa malo amodzi, osati awiri. Anatunga madzi, nasesa, nalira maliro a bambo ake pansi pa denga limodzi. Ndipo kunena kuti denga lililonse likwanira ndiko kumchotsera umunthu wake ndi kumsandutsa chithunzi.

Koma palinso yankho louma, lakuti makamu onse aja anangopusitsidwa, ndi kuti ulemu wawo unagwera pa mwala. Ilinso sindingalivomere. Amene analowa m'nyumba ya Palmer sanapite kukalemekeza thundu kapena njereza. Anapita kukathokoza mayi amene anabala ndi kulera mwana wodalitsa dziko ndi mawu ake, ndipo kuthokoza kumeneko kunali koona ngakhale khomo linali lolakwika, pakuti ulemu umapita kumene mtima waulunjika, osati kumene mapazi aima. Mayi wa ku Samariya, pa chitsime, anafunsa Ambuye za phiri loyenera kupembedzerapo, ndipo yankho limene analandira silinanyoze funso lake, linamuuza poyera mbali imene inali ndi chidziwitso choona, koma linamkweza maso kuti aone kuti Mulungu samangidwa ku phiri. Ngati Wamphamvuyonse alandira pemphero la wosokera malo, sitiyenera ife kukhala ouma mtima koposa Iye pa nkhani ya munthu mnzathu.

Tsono mmene ndionera ine ndi motere. Ulemu woona, ngakhale utaperekedwa mosadziwa, umakhala ndi lonjezo lobisika m'kati mwake, lakuti tsiku limene choonadi chidzaonekera, woupereka adzanyamuka ndi kuchitsata. Ndipo tsiku limenelo ndilo limayesa ngati unali ulemu kapena chinthu china. Anthu awiri akhoza kuima m'chipinda chimodzi, ndi nkhope zofanana ndi misozi yofanana, osasiyanitsika ndi diso lililonse kwa zaka zambiri. Koma mthenga akafika nanena kuti si pano, ndi apo, mmodzi adzathokoza nawoloka bwalo kupita ku nyumba ya njerwa, pamene winayo adzakwiya, nati nyumba iyi ndiyo yomuyenera, ndipo sindichoka. Woyambayo ankakonda Mary Arden kuyambira pachiyambi, ndipo palibe kanthu ka ulemu wake kamene kanatayika. Wachiwiriyo ankakonda chithunzi cha m'mutu mwake, ndipo aneneri ali nalo dzina la chinthu chimene munthu wadzisemera molingana ndi kukhumba kwake nachigwadira: amachitcha fano. Kusiyana kwa kupembedza ndi kupembedza mafano sikuli pa kutentha kwa mtima, pakuti aneneri a Baala pa phiri la Karimeli anali otentha mtima koposa. Kuli pa kulola kudzudzulidwa ndi chimene chilipodi.

N'chifukwa chake ndiyenera kufunsa chimene chinachititsa kuti mawu a Jordan akhulupiriridwe msanga chotero, ndi kukhala zaka 200 osagwedezeka. Sindikhulupirira kuti chinali mphamvu ya umboni wake, pakuti unali wochepa. Chinali chakuti nyumbayo inkaoneka yoyenera. Anthu anali atadziwa kale kukula kwa mwanayo, ndipo anayang'ana m'mudzi kufuna denga lolingana ndi kukulako. Diso linagwera pa nsichi zothinana ndi nyumba ya nkhunda, nilikhuta. Momwemonso Samueli, atatumidwa ku nyumba ya Jese kukadzoza mfumu, anaona Eliabu ndi msinkhu wake, natsimikiza mumtima kuti wodzozedwayo ndi ameneyu, pamene wosankhidwayo anali kubusa, wosaitanidwa n'komwe ku mwambo. Ndipo ngati mneneri wokalamba, wozolowera kumva mawu a Mulungu kuyambira ubwana wake, anakhoza kunyengedwa ndi msinkhu, sitidabwa kuti mmisiri wa ngolo ndi alendo ake ananyengedwa ndi matabwa. Tili nacho tonse chizolowezi chofuna kuti zazikulu zichokere ku zazikulu, ndipo chizolowezi chimenechi Malemba amalimbana nacho kuyambira ku Genesis mpaka ku khola la ku Betelehemu.

Nkhani yonga yomweyi ilipo pa malo opatulika koposa onse. Mu Yerusalemu muli malo awiri amene anthu amawasonyeza kuti ndi manda a Ambuye. Oyamba ali m'tchalitchi chachikulu chimene chinayamba kumangidwa m'masiku a mfumu Constantine nichipatulidwa mu 335. M'menemo muli mdima, utsi wa lubani, phokoso la makamu, ndi mipingo ingapo, Agiriki, Akatolika, Aarmeniya ndi ena, yogawana zipinda ndi maola mosamalitsa, ndipo thanthwe lenilenilo linakutidwa ndi miyala yosema kotero kuti mlendo savutika kukayika. Achiwiri ali kunja kwa linga, kumpoto kwa chipata cha Damasiko, pafupi ndi chitunda chimene kazembe wankhondo Charles Gordon, ali mu Yerusalemu mu 1883, anachikhulupirira kuti ndicho Gologota. Pamenepo pali munda wa maluwa, bata, ndi phanga losemedwa m'thanthwe, monga momwe wowerenga Uthenga Wabwino amaganizira. Koma katswiri wofukula zakale Gabriel Barkay, m'kafukufuku amene anafalitsa mu 1986, anaonetsa kuti kasemedwe ka phangalo ndi ka zaka mazana asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu Khristu asanabadwe, pamene alaliki anena kuti manda a Yosefe wa ku Arimateya anali atsopano. Ndipo akatswiri ambiri amaona kuti umboni wolemera uli ku tchalitchi chamdima chija. Sindikunyoza amene amapemphera m'mundamo, pakuti pemphero lawo lili kwa Wouka kwa akufa, amene sali m'manda ena alionse. Ndingoti apanso malo ooneka oyenera ndi malo a umboni asiyana, ndipo zaka mazanamazana za kupembedza n'zimene zinabisa thanthwe loona, monga zaka mazanamazana za kukhalamo zinabisa matabwa a Robert Arden.

Pali chinthu china m'nkhani ya ku Wilmcote chimene chimandichititsa mantha oyera, ndipo ndichinene mosamala. Kulakwitsa kuja ndiko kunapulumutsa nyumba yoona. Pakadapanda dzina la Mary pa khomo la Palmer, sipakadakhala chifukwa chogulira nyumba ya njerwa mu 1968, ndipo ikadatha kugwetsedwa popanda woilirira, matabwa a 1514 n'kuponyedwa pa moto. Anaisunga ngati mpanda wotchinjiriza chuma, osadziwa kuti mpandawo ndiwo chumacho. Yakobo anagona pa Beteli, mwala uli kumutu, osadziwa kuti malowo ndi otani kufikira atadzuka. Ndipo kusadziwa kwake sikunachepetse kupatulika kwa malowo usiku wonse umenewo. Ndikhulupirira kuti dzanja limene limatulutsa zabwino m'zolakwa za anthu linagwira ntchito apa monga limagwirira m'zazikulu. Koma wina asatengepo phunziro lakuti kulakwitsa n'kwabwino. Abale ake a Yosefe sanayeretsedwe ndi tirigu wa ku Aigupto, ndipo Jordan sakhala wolondola chifukwa chakuti mawu ake anabala chipatso chimene iye sanachilote. Chimene chinapulumutsa nyumbayo kwenikweni ndi mtima wosamala za mnansi, wosunga ngakhale chooneka chopanda pake chifukwa chili pafupi ndi chokondedwa. Ndipo mtima wotere supita pachabe ngakhale mutu utasokera.

Bungwe lija, umboni utafika, silinaubise, ngakhale kuti mabuku, zithunzi ndi zikwangwani za zaka 70 zinali kunena zina. Linalengeza poyera, nilisintha maina: nyumba ya njerwa inalandira dzina la Mary Arden, ndipo yokongolayo inatchedwa Palmer's Farm. Ichi ndichiyesa chinthu cholemekezeka koposa zonse m'nkhaniyi, pakuti n'chapafupi kwa munthu mmodzi kuvomera kuti anasokera, koma n'chovuta kwa bungwe limene mbiri yake ndi chuma chake zatsamira pa chikhulupiriro cha alendo.

Ndipo pamenepa tifika kwa munthu amene ambiri amamuiwala pokamba nkhaniyi, ndiye Adam Palmer. Timaganiza kuti wolakwiridwa anali Mary, amene ulemu wake unapita kwina. Koma Mary sanataye kanthu, pakuti dzina lake linali pakamwa pa aliyense. Wolandidwa anali Palmer. Iyeyu anali mnansi wokhulupirika, kotero kuti Robert Arden anamtchula m'wilo yake kukhala mmodzi wa oyang'anira kuti zofuna za malemu zichitike. Ndiye kuti pamene mtsikana uja ankasenza udindo wogawa chuma cha bambo ake pakati pa azikulu ake ndi mayi omupeza, Palmer anali mmodzi wa akuluakulu oima kumbuyo kwake. Pambuyo pake anamanga nyumba yake ndi thukuta la minda yake, nasankha thundu labwino, nalipira amisiri aluso. Ndipo kwa zaka 200 alendo anayamikira ntchito imeneyo m'dzina la munthu wina, mwini wake osatchulidwa. Chilamulo cha Mose chimaletsa kusuntha malire a mnansi amene makolo anaika, ndipo chimaletsa umboni wonama. Sindiona chifukwa chonenera kuti malamulo amenewa amatha mphamvu mnansiyo akamwalira, pakuti akufa ndiwo osowa kotheratu pakamwa podzitetezera. Kukonza kwa mu 2000 kunabwezera anthu awiri zawo, ndipo wobwezeredwa zambiri anali wosatchukayo. Nyumba yake sinatsike m'kaundula pamene dzina lalikulu linachoka pa khomo. Ili m'gulu loyamba chifukwa cha chimene ili, umboni wa mmene mlimi wopeza bwino wa ku Warwickshire ankamangira ndi kukhalira.

Latsala yesero limodzi, ndipo ndi lochenjera koposa loyamba lija. Popeza tsopano tadziwa nyumba yoona, mtima ukhoza kunena kuti tichotse njerwa zija, zimene zinaikidwa m'zaka za m'ma 1800, tibwezere matabwa pamene anaola, tipake njereza, kuti nyumba ya Mary ioneke monga nyumba ya Mary iyenera kuonekera. Kutero kukadakhala kubwereza kulakwa kwa Jordan ndi manja athu: iye anasankha nyumba yolingana ndi chithunzi, ife tikadasema nyumba kuti ilingane ndi chithunzi chomwecho. Angerezi analimbana nalo yesero limeneli kalekale, pamene okonza matchalitchi a m'masiku a Mfumukazi Victoria ankapala zipupa zakale ndi kumanganso monga ankaganizira kuti zinalili poyamba. John Ruskin anatsutsa mchitidwewu m'buku lake la mu 1849, The Seven Lamps of Architecture, nauyesa chinyengo. Ndipo mu 1877 William Morris ndi anzake anayambitsa bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings, limene chiphunzitso chake n'chakuti nyumba yakale isamalidwe tsiku ndi tsiku, denga lodontha lizikidwe, chipupa chofooka chichirikizidwe, koma zimene mibadwo inaonjezera zisafafanizidwe pofuna kubwerera ku tsiku limene palibe wamoyo analiona. Kaundula wa nyumba zotetezedwa, amene anakhazikika ndi malamulo a mu 1944 ndi 1947, dziko litaona zimene mabomba a nkhondo anawononga, amateteza nyumba yonse, kunja ndi m'kati, zakale ndi zoonjezedwa pambuyo pake. Ndipo pansi pa lamulo la mu 1990, kusintha maonekedwe a nyumba yotere popanda chilolezo ndi mlandu.

Ine ndili ku mbali ya njerwazo. Amene anaziika sanali kubisa kanthu. Anali alimi amene anapeza matabwa ena ataola ndi dothi la m'zipupa litayoyoka, mphepo ya chisanu ikulowa pa ana awo, ndipo anachita chimene mwini nyumba aliyense wanzeru akadachita ndi zipangizo za m'masiku ake. Pakati pa imfa ya Robert Arden ndi chaka cha 1968 pali zaka zoposa 400, ndipo m'zaka zonsezo munali anthu m'nyumbamo, obadwa, okwatira, odwala ndi omwalira, amene analibe mdzukulu wolemba masewero, koma amene moto wawo wosazima ndi denga lawo lozikidwa chaka ndi chaka ndizo zinafikitsa matabwa a 1514 m'manja mwa a Alcock. Tikadagwetsa ntchito yawo kuti Mary aonekere bwino, tikadawachitira iwo chimene Jordan anachitira Palmer, ndipo ife tikadachita tikudziwa.